Hezekiya anakumba ngalande: kodi chikhulupiriro chinali chitachepa?

Mkulu wa mpingo:
Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Sabata ino tili pa 2 Mafumu 18 ndi 19, pamene Sanakeribu mfumu ya Asuri anabwera kudzathira nkhondo dziko la Yuda. Amene muli ndi mpata muwerengenso 2 Mbiri 32 ndi Yesaya 36 ndi 37, nkhani yake ndi yomweyo. Funso limene landigwira ndi ili. Pa 18:5 Baibulo likumuchitira umboni Hezekiya kuti anakhulupirira Yehova kuposa mafumu onse a Yuda, amene anamutsogolera ndi amene anabwera pambuyo pake. Koma munthu yemweyo atamva kuti adani ali m'njira sanangogwada basi. Anatseka akasupe a kunja kwa mzinda, anamanganso linga pomwe linagumuka, anawonjezera lina kunja kwake, anasulitsa zida ndi zishango zambirimbiri. Nanga munthu wokhulupirira chotere, zonsezi zinali za chiyani? Tiyeni tithandizane.

Mlimi wa ku Ntcheu:
Zikomo akuluakulu. Ine sindikuonapo chovuta. Mvula ndimaipempherera chaka ndi chaka, koma mizere ndimapanga mu Okutobala mvulayo isanagwe. Ikandipeza ndisanalime, sindingadandaule kwa Mulungu. Hezekiya analima mizere yake, ndimo ndikuonera ine.

Mnyamata wa ku Joni:
Amalume, za mizere ndamva, koma mwadumpha vesi 14 mpaka 16. Hezekiya anatuma mithenga kwa Sanakeribu ku Lakisi, mzinda wamalinga wa Yuda, kukanena kuti ndalakwa, ndichokereni, chilichonse mungandilipiritse ndipereka. Anamuuza kuti apereke matalente 300 a siliva ndi 30 a golide. Anakokolola siliva yense wa m'nyumba ya Yehova, n'kufika pokanganula golide wa pa zitseko za Kachisi amene iye mwini anakutapo. Kumeneko sikukonzeka ayi, amenewo ndi mantha. Ndipo atapereka zonsezo, gulu lankhondo linabwerabe pachipata. Ndiye vesi 5 ndiliike pati?

Mayi wa Mvano:
Mwana wanga, wafunsa bwino, koma ine vesi limenelo ndi limene limandipatsa mtima. Mulungu anadziwa za zitsekozo pamene ankalembetsa vesi 5. Sanafufute ayi. Ndiye kuti munthu akhoza kunjenjemera tsiku lina, n'kuchita chinthu chosayenera chifukwa cha mantha, koma Mulungu poyang'ana moyo wake wonse n'kunenabe kuti uyu anandikhulupirira. Pakanakhala kuti amawerenga okhawo amene sanachitepo mantha, ambirife sitikanakhalamo.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Ndiloleni ndiikepo za mbiri pang'ono, kuti tisamuweruze Hezekiya tili chikhalire pa mipando yathu. Chinali chaka cha 701 Khristu asanabadwe. Zaka 21 m'mbuyo mwake, mu 722, Asuri omwewo anali atagwetsa Samariya ndi kutenga anthu a ufumu wa kumpoto kupita nawo kutali, osabweranso. Amenewo sanali anthu achilendo, anali abale awo a Ayuda, ndipo Samariya ndi Yerusalemu ndi mtunda woti munthu wapansi amayenda masiku awiri kapena atatu. Aliyense mu Yerusalemu ankadziwa chimene Asuri amachita ndi mzinda wowapandukira.

Hezekiya anali atapandukadi, 18:7 akutero. Mfumu Sarigoni itafera kunkhondo mu 705, mafumu ang'onoang'ono ambiri anaona ngati mpata wapezeka, n'kusiya kupereka msonkho. Sanakeribu, mwana wa Sarigoni, atakhazikika pampando anayamba kuwayendera mmodzimmodzi. Pofika nthawi imene Hezekiya ankakanganula golide uja, mizinda yamalinga ya Yuda inali itagwa kale, vesi 13 likunena poyera. Talente imodzi inkalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndiye werengani nokha kuchuluka kwa chuma chimene chinachoka. Sindikuti anachita bwino. Ndikuti anali munthu woona dziko lake likupsa ndipo ankafuna kupulumutsa otsala.

Mlongo wa ku London:
Aphunzitsi, zimene mukunenazi kuno zilipo zooneka ndi maso. Ku British Museum kuli miyala yosema imene inachokera m'nyumba yachifumu ya Sanakeribu ku Nineve, imene Austen Henry Layard anafukula m'zaka za m'ma 1840. Chipinda chathunthu cha nyumba yachifumuyo chinali chokongoletsedwa ndi nkhondo ya ku Lakisi yokha. Ukuona asilikali akukwera pachitunda chimene anaunjika kuti afike pa linga, zida zogumulira khoma, anthu a mumzinda akuponya miyala ndi miyuni kuchokera pamwamba. Kenako amayi ndi ana akutuluka pachipata atasenza mitolo, ena pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Amuna ena atapachikidwa pa mitengo yosongoka. Kumapeto kwake Sanakeribu wakhala pampando, akaidi akugwada pamaso pake. Nditaima pamenepo mtima unandiwawa, chifukwa amayi osenza mitolowo ndi anthu a Mulungu amene timawerenga m'Baibulo.

Mlongo wa ku London:
Komweko kulinso mwala wadothi wa mbali 6 wolembedwa mbiri ya nkhondo zake. Akudzitama kuti analanda mizinda yamalinga 46 ya Hezekiya, anatenga anthu 200,150, ndipo Hezekiya anamutsekera mu Yerusalemu ngati mbalame m'khola. Akutchulanso matalente 30 a golide, mofanana ndi Baibulo, ngakhale pa siliva iye akuti 800. Koma palibe pamene akunena kuti analanda Yerusalemu. Mfumu yokonda kudzitama chotere, ikanalowa mumzindawo, sikanakongoletsa nyumba yake ndi Lakisi.

Mayi wa Mvano:
Aleluya! Mdani yemwe akuchitira umboni.

Mayi wa ku Chilobwe:
Pepani abale, ine ndimangowerenga pagulu pano, sindilemba kawirikawiri. Koma zimene achemwali a ku London alembazi zandifika pamtima. Tonse tikukondwera kuti Yerusalemu anapulumuka. Nanga a ku Lakisi? Kodi mumzinda monsemo munalibe mayi ngakhale mmodzi amene ankapemphera usiku umenewo? Ndikufunsa chifukwa mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ine ndinataya mchemwali wanga ndi ana ake awiri. Anali munthu wopemphera kuposa ine. Nyumba yanga inatsala, yake inapita. Pamaliro munthu wina anaima n'kunena kuti amene anatsala ndi amene Mulungu anawabisa pansi pa mapiko ake. Mpaka lero mawu amenewo amandilasa. Ndiye mchemwali wanga anali kunja kwa mapikowo? Mukamaphunzitsa za Hezekiya chonde musandiuze kuti wokhulupirira sagwa m'tsoka, chifukwa ine ndinaika m'manda okhulupirira.

Mkulu wa mpingo:
Amayi, pepani kwambiri. Mwachita bwino kulankhula, gulu lino ndi lanu. Abusa, tikupempheni mutithandize apa.

Abusa opuma:
Mayi, pepani. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse. Ndiyambe ndi kunena mosabisa kuti amene analankhula pamaliro paja sanalankhule bwino, ngakhale mwina cholinga chake chinali chotonthoza otsala. Baibulo silinena paliponse kuti anthu a ku Lakisi anali ochimwa kuposa a ku Yerusalemu, kapena kuti m'mizinda 46 ija munalibe woopa Mulungu. Mneneri Mika anali wa ku Moreseti, mudzi wa m'chigawo chomwecho cha Lakisi, ndipo m'mutu woyamba wa buku lake akutchula midzi ya kwawoko umodziumodzi, akulira, akunena kuti ayenda wopanda nsapato ndi wamaliseche chifukwa cha chisoni. Mneneri wa Mulungu sanaime patali n'kuloza chala. Analira maliro a anthu akwawo.

Ndipo funso lanuli Ambuye Yesu analiyankha okha. Pa Luka 13:4 akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha. Akufunsa ngati anthu amenewo anali olakwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu, ndipo akuyankha okha kuti iyayi. Taonani malo ake. Siloamu ndi dziwe lomwelo kumene madzi a ngalande ya Hezekiya amakathira. Pamalo pomwe Mulungu anasungira mzinda ndi madzi, pomwepo patapita zaka mazana 7 anthu 18 anafa ndi ngozi, ndipo Yesu anakana kuti wina aziwerengera chikhulupiriro chawo poona imfa yawo.

Werenganinso Ahebri 11 kuyambira vesi 33 mpaka 39. Mndandanda umodzi womwewo uli ndi amene anapulumuka lupanga ndi amene anaphedwa ndi lupanga, ndipo wolembayo akuti onsewo anachitiridwa umboni chifukwa cha chikhulupiriro. Mchemwali wanu sanali kunja kwa mapiko a Mulungu, mayi. Chifukwa chimene nyumba ina inatsalira ina n'kupita, Mulungu sanatiululire, ndipo aliyense wokuuzani kuti akuchidziwa akunena zoposa zimene zinalembedwa.

Mayi wa ku Chilobwe:
Zikomo abusa. Luka 13 ndawerengapo kambiri koma sindinkaiona chonchi. Ndiwerenganso usiku uno.

Mayi wa Mvano:
Amayi, tili nanu limodzi. Ndikuimbirani madzulo.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Popeza abusa atchula ngalande, ndifotokozeko, chifukwa funso la akuluakulu lagona pamenepo. Kasupe wamkulu wa Yerusalemu ndi Gihoni, ndipo ali m'munsi, chakum'mawa, kuchigwa cha Kidroni. Mzinda wozingidwa ndi adani umagonja msanga ndi ludzu kusiyana ndi mikondo. Choncho anaboola thanthwe pansi pa mzinda, mtunda wa mamita 533, kuti madzi a Gihoni azikatulukira ku dziwe la mkati mwa linga. 2 Mafumu 20:20 ndi 2 Mbiri 32:30 akunena za ntchito imeneyi. Ngalandeyo ilipo mpaka lero, madzi akuyendabe, alendo amalowamo ndi tochi. Mu 1880 mnyamata wina anapeza mawu olembedwa pakhoma chakumapeto kwake, ndipo mwala umenewo tsopano uli ku Istanbul. Mawuwo akufotokoza kuti magulu awiri ankakumba moyang'anizana, lina kuchokera uku lina uko, mpaka anayamba kumvana mawu kudzera m'thanthwe, kenako nkhwangwa zawo zinakumana ndipo madzi anayenda. Popanda makina, popanda magetsi. Ntchito yotere siichitika sabata imodzi. Ndiye kuti Hezekiya anayamba kukonzeka adani asanafike n'komwe.

Linga lija nalonso analifukula m'zaka za m'ma 1970, ndi lochindikala mamita pafupifupi 7, ndipo linadutsa pamwamba pa maziko a nyumba za anthu. Zikugwirizana ndi Yesaya 22:10, pomwe akuti anawerenga nyumba za mu Yerusalemu n'kugwetsa zina kuti alimbitse linga.

Mlaliki wachinyamata:
Aphunzitsi, mwatchula nokha Yesaya 22, ndiye pitirizani mpaka vesi 11. Mneneri sakuwayamikira ayi, akuwadzudzula. Akuti munapanga mosungira madzi pakati pa malinga awiri koma simunayang'ane kwa Iye amene anachita zimenezi. Ine ndikuona kuti pagulu pano tikuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Yehosafati pa 2 Mbiri 20 anaika oimba patsogolo pa asilikali, ndipo sanaponye muvi ndi umodzi womwe. Asa anadzudzulidwa chifukwa atadwala mapazi anafuna asing'anga osati Yehova. Ezara anachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu chifukwa anali atanena kale kuti dzanja la Mulungu lili pa iwo. Ngakhale m'nkhani yathuyi, chinapulumutsa Yerusalemu n'chiyani? Ngalande? Linga? Ayi, mngelo wa Yehova anakantha 185,000 usiku umodzi. Zokumbakumba zonse zija sizinagwire ntchito. Chikhulupiriro chenicheni n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu.

Namwino wa ku Zomba:
Achimwene, ndikulemekeza changu chanu, koma mawu ngati amenewa ndimakumana nawo kuntchito atasanduka maliro. Munthu amene anali bwinobwino pa ma ARV kapena pa mankhwala a shuga amauzidwa kuti kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu, amataya botolo, ndipo amabwera kwa ife atanyamulidwa pamene zinthu zafika kale poipa. Ena ndi ana amene sanasankhe okha. Musanatchule Asa, werengani Hezekiya yemweyu pa 2 Mafumu 20. Anadwala chithupsa mpaka kutsala pang'ono kufa. Anatembenukira kukhoma, analira, anapemphera. Mulungu anamuyankha kudzera mwa Yesaya kuti ndamva pemphero lako, ndaona misozi yako, ndikuwonjezera zaka 15. Ndiyeno vesi 7, Yesaya yemweyo akulamula kuti atenge nkhuyu zouma aziike pachithupsapo, ndipo anachira. Lonjezo linali litaperekedwa kale, koma mneneri sanati nkhuyu n'zosafunika. Nanga ife ndife auzimu kuposa Yesaya?

Mlaliki wachinyamata:
Anamwino, ine sindinauzepo munthu kuti asiye mankhwala. Ndikunena za mtima.

Namwino wa ku Zomba:
Ndamva achimwene, ndipo ndikukhulupirira kuti simunatero. Koma mukaima kutsogolo n'kunena kuti chikhulupiriro chenicheni n'kusiya zonse, pabenchi pamakhala munthu amene ali ndi botolo m'chikwama, ndipo iye amamva zina. Chonde muzimaliza chiganizocho.

Abusa opuma:
Mwana wanga mlaliki, mavesi amene watchula ndi oona onse, ndipo Yesaya 22:11 ndiye mtima wa phunziro lathu. Koma uliwerenge mofatsa. Mlandu suli pa dziwe. Mneneri sakuti munalakwa kukumba. Akuti munakumba koma simunayang'ane kwa Mwini. Ndipo mavesi otsatira akuonetsa chimene chinali m'mitima ya anthu: Yehova anawaitanira kulira ndi kuvala ziguduli, iwo n'kumapha ng'ombe ndi nkhosa, kumati tidye timwe poti mawa tifa. Madzi anali atalowa mumzinda, linga litakwera, ndipo anaona ngati za Mulungu zatha ntchito. Za Asa n'chimodzimodzi, lembalo likuti sanafune Yehova. Ndi munthu yemwe uja anatsekera mlosi Hanani m'ndende chifukwa chomudzudzula. Mtima wake unali utachoka kale asanaitane sing'anga.

Za Ezara ndikuyankhe ndi Nehemiya. Onse awiri anachoka ku ufumu wa Perisiya kupita ku Yerusalemu m'masiku a mfumu Aritasasta, wina m'chaka cha 7 cha ufumu wake, wina m'chaka cha 20. Ezara anakana kupempha asilikali. Nehemiya anapempha makalata a mfumu, anapempha mitengo, ndipo pa 2:9 akuyenda ndi akazembe ankhondo ndi apakavalo. Onse awiri akunena mawu ofanana, kuti dzanja la Mulungu linali pa iwo. Baibulo silikweza wina n'kutsitsa mnzake. Ndipo adani atawopseza, Nehemiya 4:9 akuti tinapemphera kwa Mulungu wathu ndi kuika alonda usana ndi usiku. Zonse ziwiri m'vesi limodzi.

Wanena kuti ngalande sinagwire ntchito. Hezekiya pokumba sankadziwa kuti mngelo adzabwera usiku uti, kapena ngati adzabwera n'komwe. Anali mfumu, anthu masauzande ankayang'ana kwa iye kuti amwe madzi. Kukhala manja lende n'kumati Mulungu aona, pamene uli ndi udindo pa miyoyo ya ena, kumeneko n'kumuyesa Mulungu, ndipo Ambuye anakana zimenezo pamwamba pa Kachisi. Koma atamaliza zonse, tamverani zimene anauza anthu pabwalo la pachipata, 2 Mbiri 32:7-8. Sanati limbani mtima poti tili ndi madzi ndi linga. Anati iye ali ndi dzanja la munthu chabe, ife tili ndi Yehova Mulungu wathu wotithandiza ndi kutimenyera nkhondo. Manja ake anali pa ntchito, koma mtima wake sunatsamire pa ntchitoyo.

Mnyamata wa ku Joni:
Abusa, pamenepa ndiye pandivuta ine. Kunena n'kosavuta, koma munthu umadziwa bwanji pomwe mtima wako watsamira? Ine kuno ndimagwira ntchito, ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndimasungako pang'ono. Ndimapempheranso. Koma kunena zoona, mwezi umene ndasunga bwino ndimagona tulo, mwezi umene zavuta tulo sindilipeza. Ndiye ndikudalira Mulungu kapena ndikudalira zimene zili mu akaunti?

Mayi wa Mvano:
Funso lakoli, mwana wanga, ndi lomwe kazembe wa Asuri anafunsa atayima pa ngalande ya dziwe lakumtunda: chimene ukudalirachi n'chiyani? Mdani anafunsa funso labwino ngakhale anali ndi mtima woipa.

Mkulu wa mpingo:
Amayi mwatifikitsa pamene ndimafuna tifike. Taonani mmene Rabisake, kazembe wa Asuri uja, analankhulira, chifukwa mawu ake sanakalambe. Anayamba ndi zoona. Anati Ejipito ndi bango lophwanyika, ukalitsamira likulasa dzanja, ndipo Yesaya anali atanena kale zomwezo pa mutu 30 ndi 31 podzudzula amene ankathamangira ku Ejipito kukafuna akavalo. Kenako anatenga ntchito yabwino ya Hezekiya n'kuisandutsa mlandu: kodi si Yehova yemweyo amene Hezekiya wamugwetsera misanje ndi maguwa? Kenako anati Yehova ndiye wandituma kudzawononga dziko lino. Eliyakimu, Sebina ndi Yowa, nduna za Hezekiya, atamupempha kuti alankhule Chiaramu poti iwo amachimva, iye anakweza mawu m'Chiyuda kuti anthu a palinga amve bwino. Pomaliza anawalonjeza zokoma: tulukani, aliyense adzadya za mpesa wake ndi mkuyu wake, mpaka ndidzakutengeni kupita kudziko la tirigu ndi uchi. Ukapolo anaukuta ndi uchi. Ndipo anthu sanamuyankhe ngakhale liwu limodzi, poti mfumu inali italamula kuti asamuyankhe.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Malo amene kazembeyo anaima ndi ofunika. Pa Yesaya 7:3, zaka zoposa 30 m'mbuyo mwake, Yesaya anakumana ndi Ahazi, bambo ake a Hezekiya, pamalo omwewo, pa ngalande ya dziwe lakumtunda, pamsewu wa kumunda wa otsuka nsalu. Nayenso anali pa mantha a nkhondo. Mulungu anamuuza kuti apemphe chizindikiro, iye anakana ndi mawu omveka auzimu, akuti sindimuyesa Yehova. Koma 2 Mafumu 16 akutiuza kuti anatumiza siliva ndi golide wa m'Kachisi kwa mfumu ya Asuri ndi uthenga woti ndine kapolo wanu ndi mwana wanu, bwerani mudzandipulumutse. Goli limene Hezekiya ankalimbana nalo analisiya ndi bambo ake. Onse awiri anatenga chuma cha m'Kachisi chifukwa cha mantha. Kusiyana kwawo kuli pa chimene anachita pambuyo pake. Ahazi anapita ku Damasiko n'kukatengera chitsanzo cha guwa lachilendo. Hezekiya anang'amba zovala zake, anavala chiguduli, n'kulowa m'nyumba ya Yehova.

Abusa opuma:
Ndipo yankho la mwana wathu wa ku Joni lili pamenepo. Kusowa tulo pakokha si umboni woti ulibe chikhulupiriro. Hezekiya naye anati lero ndi tsiku la mavuto, ana afika pobadwa koma mphamvu yoberekera palibe. Amenewo si mawu a munthu amene akugona bwino. Funso ndi lakuti tulo tikasowa umapita kuti. Kalata yoopseza itafika, 19:14, anaiwerenga, anakwera nayo kunyumba ya Yehova, anaifunyulula pamaso pake. Ndipo m'pemphero lake sananamizire kuti zinthu zili bwino. Anati n'zoona, Yehova, mafumu a Asuri apulula mitundu ndi mayiko awo. Anavomereza kuti mdani ndi wamphamvu, ndipo anapempha chipulumutso kuti maufumu onse adziwe kuti Yehova yekha ndiye Mulungu. Masiku ano ena amaphunzitsa kuti usatchule vuto lako poti ukalitchula walivomereza. Hezekiya analitchula, analiwerenga mzere ndi mzere, n'kuliika pamaso pa Mulungu. Iwenso mwezi ukavuta, tenga chiwerengero chenichenicho, cha lendi, cha fizi ya ang'ono ako, cha feteleza wa amayi, ukachinene kwa Mulungu mmene chilili. Ndipo mwezi ukayenda bwino upitenso komweko, chifukwa Yesaya 22 analembera anthu amene dziwe lawo linali lodzaza.

Mnyamata wa ku Joni:
Zikomo abusa. Chachiwiricho ndi chimene chimandivuta kwambiri, mwezi wabwino pemphero limafupika.

Mlaliki wachinyamata:
Ndamva zonse, ndipo za Nehemiya ndazilandira. Koma ndikuimabe pa mfundo imodzi. Pali nthawi imene Mulungu amauza munthu kuti apite wopanda asilikali, ngati Ezara, kapena achepetse gulu, ngati Gideoni amene anatsala ndi 300 pa anthu 32,000. Tisatseke khomo limenelo. Tikangoti nthawi zonse konzeka, konzeka, tidzakhala mpingo wosasiyana ndi bungwe wamba.

Abusa opuma:
Khomo limenelo silinatsekedwe, mwana wanga, ndipo ukunena zoona kuti mpingo ukhoza kuzizira mpaka kumangodalira mapulani. Koma Gideoni sanadzichepetsere yekha gulu kuti aoneke wachikhulupiriro. Analamulidwa momveka, kawiri konse. Yehosafati naye anamva mawu a Yehova kudzera mwa Yahazieli asanaike oimba patsogolo. Ezara anaitanitsa kusala kudya pamtsinje wa Ahava asananyamuke. Palibe mmodzi wa iwo amene anasandutsa zimene zinamuchitikira kukhala lamulo la anthu onse, kapena kuuza wodwala kuti ataye nkhuyu zake. Amene akuti Mulungu wandiuza ndiyende wopanda asilikali ayambe waziyesa pamaso pa Mawu ndi pamaso pa akulu, makamaka ngati amene adzavutike akalakwitsa ndi mkazi wake ndi ana ake.

Msungichuma wa mpingo:
Ndakhala chete tsiku lonse koma pa Ezara ndiikepo mawu. Werengani Ezara mutu 8 kuyambira vesi 24. Munthu amene anakana asilikali uja anapatula akulu a ansembe 12, anawayezera siliva, golide ndi ziwiya pasikelo, n'kuwauza kuti muzisunge mpaka mukaziyezenso ku Yerusalemu. Atafika, tsiku lachinayi anayezanso zonse m'nyumba ya Mulungu, ndipo kulemera kwake kunalembedwa. Pa chitetezo cha panjira anadalira Mulungu popanda lupanga, koma pa chuma cha Mulungu sanati tonse ndife okhulupirira, tingokhulupirirana. Anawerenga ponyamuka, anawerenganso pofika. Ndikunena izi chifukwa tikapempha malisiti a ndalama za chitukuko, ena amakhumudwa ngati tawaganizira zoipa. Ezara ankayeza ansembe, ndipo palibe pamene timawerenga kuti anakwiya.

Mlimi wa ku Ntcheu:
Asungichuma mwanena zoona, zimenezo zikafike ku msonkhano wa akulu.

Mayi wa ku Chilobwe:
Abusa, ndawerenga Luka 13 ndi Mika 1. Ndili ndi funso lina laling'ono. Pa 2 Mafumu 19:29-31 Yesaya akulonjeza kuti chaka chino mudzadya zomera zokha, chaka chamawa chimodzimodzi, chaka chachitatu mudzafesa ndi kukolola, ndipo otsala a Yuda adzazika mizu pansi ndi kubala zipatso. Ndiye kuti ngakhale Asuri atachoka, anthu anakhalabe zaka ziwiri minda ili yosalimidwa?

Abusa opuma:
Ndi momwemo mayi. Sanakeribu anabwerera ku Nineve, ndipo anakhalabe pampando zaka 20 mpaka ana ake anamupha mu 681. Koma Yuda anatsala bwinja, midzi yopsa, mabanja osakwanira, minda yopondedwa ndi akavalo. Chipulumutso chinabwera usiku umodzi, kuchira kunatenga zaka, ndipo Mulungu sanawabisire zimenezo. Anawauziratu kuti chaka choyamba ndi chachiwiri zidzakhala zopepuka m'mbale. Choncho musalole wina akuuzeni kuti pofika pano munayenera kukhala mutaiwala.

Mkulu wa mpingo:
Zikomo nonse. Amayi a Mvano akonza zokacheza ku Chilobwe Loweruka masana, amene muli mu Blantyre ndipo mungathe kupita nawo muwalembere kumbali. Lachitatu tidzawerenga 2 Mafumu 20:12-19, pamene Hezekiya atachira analandira nthumwi za ku Babulo n'kuzionetsa chuma chake chonse, ndi zimene Yesaya anamuuza zitachoka. Aphunzitsi, mutikonzere mbiri ya Merodaki-Baladani, mfumu ya Babulo imene inatuma nthumwizo. Achimwene a ku Joni, inu mudzatsegule ndi pemphero.